Musanaike Kanthu mu Browser, Dziwani Mwini Wake

Achinyamata inu foni mumaidziwa kuposa ife. Mumadziwa bandulo yomwe imatuluka bwino usiku, mumadziwa foni yojambula bwino, ndipo netiweki ikavuta mumadziwa pakona pomwe munthu amaima kuti igwire. Koma pali pulogalamu imodzi yomwe mumaitsegula tsiku ndi tsiku osaiyang'anitsitsa. Ndikunena browser: Chrome, Firefox, Opera, Edge, Safari kapena Samsung Internet. Fomu yofunsira ntchito mumalembera m'menemo. Zotsatira za mayeso mumaonera m'menemo. Imelo, akaunti ya kubanki, nambala ya chiphaso cha unzika, ngakhale matenda aja amene munachita manyazi kufunsa munthu n'kukafunsa Google pakati pa usiku, zonsezi zimadutsa m'menemo. Choncho mnzanu akakuuzani kuti "ika extension iyi, njabwino," nkhaniyo musaitenge mopepuka.

Extension ndi kapulogalamu kakang'ono komwe munthu amawonjezera mu browser kuti izichita zomwe payokha sichita. Alipo ambirimbiri, ndipo ochuluka ndi aulere. Ena ndi othandiza moti kompyuta yatsopano ikafika m'manja mwanga ndimayamba ndi kuwaika. Koma nditaona zomwe zimapezeka m'malaputopu a ana asukulu ndi m'makompyuta a m'maofesi ang'onoang'ono, malangizo anga ndi awa: ikani ochepa, ndipo aliyense amene mwaika mudziwe kuti anamupanga ndani komanso kuti wopangayo amadyapo chiyani.

Yambani mwadziwa zomwe browser ili nazo kale, chifukwa ma extension ambiri amene anthu amaika amagwira ntchito yomwe browser imaitha yokha. Mukatseka tab mwangozi, dinani Ctrl, Shift ndi T pamodzi, tsamba lija libwerera. Mukadinanso, libwera lomwe munatseka poyamba. Mndandanda wa osankhidwa kupita ku sekondale kapena ku koleji ukatuluka, musauwerenge dzina ndi dzina mpaka maso kuwawa. Pa kompyuta dinani Ctrl ndi F, pa foni pitani pa timadontho titatu musankhe "Find in page", lembani dzina lomwe mukufuna, browser ikupezerani. Tsamba lomwe mumalitsegula kawirikawiri lisungeni ndi Ctrl ndi D, ndipo uku si ulesi ayi: munthu amene amalowa patsamba la banki yake kudzera pa bookmark sangasocheretsedwe ndi linki yabodza yomwe yabwera pa WhatsApp. Firefox, Safari ndi Edge ali ndi njira yowerengera yomwe imachotsa zonse zozungulira nkhani n'kusiya mawu okhaokha, zilembo mukulitse mmene mukufunira. Kwa munthu wowerenga pa sikirini yaing'ono, imeneyi ndi mphatso.

Chomwe ndikufuna muchizolowere kwambiri ndi kusunga tsamba. Kwathu kuno magetsi amathima, netiweki imathawa, bandulo imatha usanamalize kuwerenga. Mu Chrome ya pa foni, mukadina timadontho titatu tija muona kamuvi koloza pansi. Kamenekaja kamasunga tsamba lonse m'foni kuti mukaliwerenge popanda intaneti. Pa kompyuta dinani Ctrl ndi P, ndipo m'malo mosankha printer sankhani kusunga ngati PDF. Chitani zimenezi ndi chilengezo cha ntchito chomwe mwafunsira, ndi risiti ya ndalama zomwe mwalipira pa intaneti, ndi tsamba losonyeza kuti fomu yanu yalandiridwa. Masamba amasinthidwa, ena amachotsedwa tsiku lotsekera likangodutsa, ndipo tsiku la intavyu mudzafuna kukumbukira zomwe ankafuna. Ngati tsamba lasowa musanalisunge, yesani Wayback Machine ya bungwe la Internet Archive, yomwe imasunga makope akale a masamba ambiri. Nthawi zina mumalipeza.

Tsopano nkhani ya bandulo, yomwe ndikudziwa kuti ndi imene imakupwetekani. Mukatsegula tsamba la nkhani, mawu a nkhaniyo amadya data yochepa kwambiri. Chomwe chimamaliza bandulo ndi zomwe zabwera nawo: zithunzi zotsatsa malonda, mavidiyo oyamba okha, ndi timapulogalamu tosaoneka tomwe timatumiza uthenga ku makampani ena kuwauza kuti mwatsegula tsamba liti. Zonsezi mumalipira ndinu. Kale Chrome ya pa foni inali ndi Lite mode yochepetsa data, koma Google inaichotsa mu 2022 itatulutsa Chrome 100. Opera Mini ikadalipo, ndipo imagwira ntchito motere: tsamba limayamba ladutsa pa makompyuta a kampani ya Opera, iwo amalipanikiza kuti lichepe, kenako n'kulitumiza kwa inu. Powerenga nkhani bandulo ili pafupi kutha, ndi yothandiza ndithu. Koma popeza zonse zikudutsa m'manja mwa wina, ine sindilowera ku banki kudzera m'njira imeneyo, ndipo inunso musatero.

Extension imodzi yomwe ndimaiyamikira popanda kukayika ndi uBlock Origin. Anailemba ndi Raymond Hill, inatuluka mu 2014, ndi yaulere, aliyense wodziwa kulemba mapulogalamu atha kuwerenga mmene inapangidwira, ndipo mwini wake amakana ngakhale ndalama za mphatso. Imatseka zotsatsa malonda ndi zolondola anthu zisanadawunilodidwe n'komwe, choncho tsamba limatseguka msanga, batire imakhalitsa, data imapulumuka. Samalani ndi dzina. Pali ina yongotchedwa uBlock, popanda Origin, yomwe si ya Hill. Palinso zabodza zambiri zotengera maina a zenizeni: mu 2018 kampani ya AdGuard inapeza ma extension abodza otsekera malonda mu Chrome Web Store omwe anthu oposa 20 miliyoni anali ataika kale. Musanadine, onani dzina la wopanga.

Pali zinthu ziwiri zoti mudziwe pamenepa. Choyamba, Chrome ya pa foni za Android silola ma extension. Koma Firefox imalola, ndipo kuyambira December 2023 inatsegula khomo kuti ma extension mazanamazana azigwira pa foni. Ndiye ngati intaneti yanu yonse ndi ya pa foni, monga zilili ndi ambiri a ife, ikani Firefox, muikemo uBlock Origin, kenako mupite ku Settings mukaletse mavidiyo kuyamba okha. Chachiwiri, pa kompyuta Google inasintha malamulo a ma extension a Chrome, malamulo atsopanowo amatchedwa Manifest V3, ndipo kuyambira mu 2024 inayamba kuzimitsa ma extension otsatira malamulo akale, uBlock Origin ili m'gulu lomwelo. Ya Chrome yomwe ilipo tsopano ndi uBlock Origin Lite, yomwe imagwira ntchito koma ilibe mphamvu zonse. Mu Firefox yathunthu ija ikugwirabe.

Apa ndinenepo za chilungamo. Atolankhani amene amalemba nkhani zomwe mumawerenga ulele amalipidwa ndi ndalama za otsatsa malonda omwewo. Nyuzipepala zathu si zolemera. Ngati pali tsamba lomwe mumalidalira tsiku lililonse, ndipo malonda ake si achipongwe, dinani chizindikiro cha uBlock Origin muizimitse patsamba limenelo lokha. Imakumbukira. Kutseka zolondola anthu ndi malonda achinyengo ndi kudziteteza. Kumana chakudya munthu amene akukugwirirani ntchito ndi nkhani ina.

Tifike pa chomwe chandilembetsa zonsezi. Mukamaika extension mu Chrome, pamabwera kabokosi kopempha chilolezo, ndipo nthawi zambiri mawu ake amati "Read and change all your data on all websites." Anthu amadina osawerenga. Komatu tanthauzo lake ndi lakuti kapulogalamuko kaziona chilichonse chomwe inu mukuona patsamba lililonse, kaziwerenga zomwe mukulemba, ndipo kakhoza kusintha zomwe zili patsambapo. Mlendo wamba timamulandirira pabalaza. Uyu mwamulowetsa mpaka kuchipinda, n'kumusiya momwemo inu mukachoka. Pali ena oyeneradi kuloledwa chotero, chifukwa yotseka malonda singagwire ntchito popanda kuona tsamba. Koma kapulogalamu kongosintha mtundu wa kamuvi ka mouse, kapena koonetsa zigoli za mpira, kakufuna chilolezo chonsecho kuti katani nacho?

Ndipo ngozi yaikulu si ya extension yomwe inabadwa yoipa ayi. Ndi ya yabwino yomwe yasintha mwini. Ma extension amadzikonza okha mwakachetechete, osakufunsani, choncho amene wagula extension wagulanso njira yolowera m'makompyuta a anthu onse amene anaiika. Taonani zomwe zinachitika ndi The Great Suspender. Inali yothandiza zedi: inkagoneka ma tab omwe simukuwagwiritsa ntchito kuti kompyuta yofooka isamaime. Anthu pafupifupi 2 miliyoni ankaidalira. Mu June 2020 amene anaipanga anaigulitsa kwa munthu wosadziwika, mwini watsopanoyo anaikamo zinthu zobisika zotha kulandira malamulo kuchokera kwina, ndipo mu February 2021 Google inaichotsa n'kuizimitsa m'makompyuta a anthu ponena kuti ili ndi pulogalamu yoononga. Amene anaiika kalekale sanalakwitse chilichonse pa tsiku loiikalo. Stylish, yosinthira maonekedwe a masamba, inagwera m'manja mwa kampani ya SimilarWeb mu 2017, ndipo mu 2018 zinadziwika kuti inkatumiza mndandanda wa masamba onse omwe munthu watsegula; Google ndi Mozilla, eni ake a Firefox, onse anaichotsa pa nthawiyo. Lero ntchito yomwe The Great Suspender inkagwira Chrome imaigwira yokha kudzera mu Memory Saver, choncho palibenso chifukwa choikira china.

VPN yaulere muiope koposa. Ndikudziwa chifukwa chomwe mumaifunira: vidiyo yakana kuonetsedwa m'dziko lino, kapena wina wakuuzani kuti mupeza intaneti yaulere. Kuyendetsa VPN kumafuna ndalama zambiri, ndiye ngati simukulipira, funsani kuti akulipira ndani. Mu 2015 zinaululika kuti Hola, VPN yaulere yomwe inali ndi anthu mamiliyoni ambiri, inkagulitsa intaneti ya anthu akewo kwa makasitomala ena kudzera mu nthambi yake yotchedwa Luminati. Ndiye kuti munthu wosamudziwa ankadutsa pa intaneti yanu, ndi data yanu, ndipo chilichonse chomwe wachita chinkaoneka ngati chachokera kwa inu. Ganizirani zimenezo pa bandulo yomwe mwaigula ndi ndalama ya ganyu.

Pali zinthu ziwiri mu browser zomwe anthu amazikhulupirira mopitirira muyeso. China ndi Incognito, yomwe mu Firefox imatchedwa Private. Ntchito yake ndi imodzi: mukatseka, browser siisunga mbiri ya masamba omwe mwatsegula pa foni kapena kompyuta imeneyo. Ndi yabwino mukabwereka laputopu ya mnzanu. Koma siikubisani kwa kampani ya netiweki, kwa woyang'anira Wi-Fi ya kusukulu kapena kuntchito, ngakhale kwa tsamba lomwe mwalowalo. Zomwe mwadawuniloda zimatsalanso. Anthu ku America anaisumira Google pa nkhani imeneyi mu 2020, ndipo mu 2024 kampaniyo inavomera kufufuta mabiliyoni a zomwe inasonkhanitsa ndi kulemba chenjezo lomveka bwino.

Chinacho ndi kaloko kaja komwe kamaoneka pafupi ndi adiresi ya tsamba. Tinkauzana kuti ukaona loko ndiye kuti tsambalo ndi lodalirika. Si zoona. Loko amangotanthauza kuti zomwe mukutumiza sizingawerengedwe ndi wina panjira. Sanena kanthu za amene akuzilandira. Mbava nazonso zimaika loko pa masamba awo. Google itafufuza inapeza kuti anthu 11 okha pa 100 alionse ndi amene ankamvetsa tanthauzo lake lenileni, ndipo mu 2023 inamuchotsa mu Chrome n'kuikapo chizindikiro china. Chomwe chingakutetezeni ndi kuwerenga adiresi. Pezani kamzere kopendekera koyamba pambuyo pa dzina la tsamba, muwerenge mawu omwe ali kumanzere kwake. Dzina lenileni la mwini tsamba ndi limenelo. Masamba ambiri a boma la Malawi amathera ndi gov.mw, a mayunivesite ndi ac.mw. Linki yolonjeza data yaulere, ngongole ya boma kapena ntchito ku bungwe lalikulu, koma adiresi yake ili ndi dzina la bungwelo kumayambiriro n'kuthera ndi mawu achilendo, imeneyo itsekeni, ndipo musaitumize ku gulu la kumpingo.

Pa mapasiwedi ndinena mwachidule, ngakhale ndi nkhani yaikulu. Pasiwedi imodzi pa akaunti zonse ndi imene imagwetsa anthu, chifukwa tsamba limodzi likabedwa, mbava zimakayesa pasiwedi yomweyo ku imelo ndi ku Facebook. Katswiri wa ku Australia, Troy Hunt, anakhazikitsa tsamba la Have I Been Pwned mu 2013. Lembanipo imelo yanu, likuuzani ngati inapezeka m'zinthu zomwe zinabedwa. Browser iliyonse yaikulu imatha kukupangirani pasiwedi yolimba ndi kuisunga, ndipo amene akufuna yoyenda nayo pa browser zosiyanasiyana atha kuika Bitwarden, yomwe ili ndi mbali yaulere. Ubwino wake wina ndi uwu: chosungira mapasiwedi chimayang'ana adiresi, osati maonekedwe. Tsamba likafanana ndi la banki yanu koma icho n'kukana kulembamo pasiwedi, imani kaye, mwina chaona chomwe inu simunaone. Kenako tsegulani chitetezo chachiwiri pa imelo yanu, chija chofuna nambala yapadera polowa, chifukwa amene walanda imelo walanda njira yosinthira mapasiwedi ena onse.

Koma zonsezi ndi za pa foni kapena kompyuta yanuyanu. Pa kompyuta ya ku internet café, ya pamalo osindikizira mapepala kapena ya mu laibulale, browser ikafunsa ngati isunge pasiwedi, yankho ndi ayi. Ndipo musalowetse akaunti yanu ya Google mu Chrome yeniyeniyo n'kuvomera Sync, chifukwa mukatero mapasiwedi anu onse, ma bookmark ndi mbiri yanu zimakopedwa kubwera pa kompyuta ya eni ake. Gwiritsani ntchito Guest kapena Incognito, mukamaliza tulukani mu akaunti, tsekani mawindo onse. Ndaona kangapo imelo ya munthu ili chitsegukire pa kompyuta yosindikizira, mwini wake atakwera kale minibasi, makalata ake onse a ntchito ndi zithunzi za ziphaso zili poyera.

Kwa inu a ku koleji, pali ma extension awiri amene ndi oyenera malo awo. Zotero, yomwe inayambira pa George Mason University ku America mu 2006, ili ndi extension yomwe imatenga dzina la buku kapena pepala la kafukufuku, wolemba, chaka ndi zina zonse mukangodina kamodzi, ndipo polemba dissertation imakusanjirani mndandanda wa mabuku. Amene analembapo mndandanda umenewo pamanja usiku womaliza akudziwa kufunika kwake. Unpaywall imakuthandizani mukafika pa pepala la kafukufuku lomwe akufuna mulipire madola: imafufuza ngati wolembayo anaika kope laulere movomerezeka kwina, ndipo ikalipeza imaonetsa kachizindikiro kobiriwira. Onse awiri eni ake ndi odziwika ndipo ntchito yawo ndi yoonekera. Kumasulira masamba sikufuna extension. Chrome imamasulira yokha, ndipo Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu December 2014. Imathandiza kumva mutu wa nkhani, koma malangizo a mankhwala kapena pangano losainira musadalire makina okha.

Ndiye chitani izi lero lomwe. Pa kompyuta, lembani chrome://extensions pamalo a adiresi, kapena about:addons ngati muli mu Firefox. Muona mndandanda wa zonse zomwe zili m'kati, ndipo mwina mupezamo zomwe simukumbukira kuti munaika. Zina zimalowa limodzi ndi mapulogalamu odawuniloda pa masamba okayikitsa. Chilichonse chomwe simukuchidziwa, kapena simunachigwiritse ntchito miyezi ingapo, chichotseni, osangochizimitsa. Pa zotsalazo, Chrome imakulolani kusankha pa "Site access" kuti extension izigwira ntchito pokhapokha mwaidina kapena pa masamba omwe mwatchula. Zotero, mwachitsanzo, ilibe chochita pa tsamba la banki. Extension yakale ikabwera mwadzidzidzi kupempha chilolezo chatsopano, kapena mukaona kuti tsamba lofufuzira lasintha lokha, kapena malonda ayamba kutuluka pomwe kale panalibe, fufuzani dzina lake pa intaneti muone ngati yagulitsidwa musanavomere kanthu. Ndipo ma extension muziwatenga ku Chrome Web Store kapena ku tsamba la Mozilla lokha, osati pa linki yomwe tsamba la mafilimu lakukakamizani kudina kuti vidiyo iyambe.

Mukamaliza zanu, tenganinso foni ya amayi kapena ya agogo. Kawirikawiri mupeza ikulira ndi mauthenga onena kuti foni ili ndi ma virus, kapena kuti apambana mphoto. Si virus ayi. Tsamba lina linapempha chilolezo chotumiza mauthenga, iwo anadina "Allow" pofuna kuti kabokosiko kachoke. Pitani mu Chrome, Settings, Site settings, Notifications, muchotse masamba onse osadziwika, ndipo ngati sagwiritsa ntchito mauthenga a masamba, zimitsani pamwamba pomwepo kuti asadzafunsidwenso. Muwauzenso kuti uthenga wotere ukabwera asaimbe nambala yomwe yalembedwapo, asatumize ndalama, ayambe akuonetsani.